Backup ya kunja kwa ofesi ikamavuta: poyang'ana pa Windows, Mac ndi Linux

Mu ofesi ya anthu asanu kapena khumi si kawirikawiri kupeza makompyuta a mtundu umodzi. Wowerengera ndalama ali pa Windows chifukwa pulogalamu yake ya maakaunti imafuna pamenepo, wokonza zithunzi ndi zotsatsa ali pa Mac, ndipo pakona pali kabokosi ka Linux kosunga mafayilo a onse. Tsiku lina mumagwirizana kuti kope la zonsezi, lomwe timati backup, lizikhala kunja kwa nyumbayo, kuti moto, mbala kapena madzi zisatenge ntchito ya zaka zambiri. Mumakonza, zikuyenda, mumaiwala.

Ndalemba izi chifukwa mavuto omwe ndimafunsidwa ndi omwewomwewo, ndipo pafupifupi onse amafanana pa chinthu chimodzi: backup imafa mwakachetechete. Siilira ngati printa. Mumadziwa tsiku lomwe mukufuna fayilo, pamene nthawi yokonza inadutsa kale. Choncho pa chizindikiro chilichonse m'munsimu, mayeso enieni ndi amodzi: bwezani fayilo kuchokera mu backup, pa kompyuta ina osati yomwe inachokera, n'kuitsegula.

## Choyamba dziwani njira yomwe muli nayo

Maofesi ang'onoang'ono amasunga kunja m'njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi matenda ake.

- Madisiki osinthanitsa. Awiri kapena atatu; imodzi ili pa ofesi, ina ili kwina. Mavuto ake ndi mtundu wa fomati, kuiwala kusintha, ndi kugwa pansi.
- Malo osungira a pa intaneti, monga Backblaze B2, Wasabi kapena Amazon S3, pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati restic, Kopia kapena Duplicati. Zitatuzi zimayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Mavuto ake ndi liwiro, makiyi ndi bilu.
- NAS (kabokosi ka madisiki kolumikizidwa pa netiweki) kapena kompyuta ina ku nyumba ina, yolumikizidwa kudzera pa njira yotetezedwa ya VPN kapena SSH. Mavuto ake ndi netiweki, ndiponso kuti palibe amene amakaiona ngati ikadali yoyaka.

Time Machine ndi ya Mac yokha, File History ndi ya Windows yokha, ndipo BorgBackup (mwachidule Borg), ngakhale ndi yabwino kwambiri pa Linux ndi Mac, siinapangidwire Windows. Ineyo ndimakonda pulogalamu imodzi pa makompyuta onse, chifukwa tsiku la vuto simufuna kukumbukira njira zitatu zobwezera. Lamulo lakale la 3-2-1 likadali lolondola: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi lili kutali. Kutali kwenikweni. Pa 10 Malichi 2021 moto unawononga nyumba ina ya maseva ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, ku France, ndipo makasitomala ena anapeza kuti backup yawo inali pamalo omwewo.

## Chizindikiro 1: Backup yomaliza ndi ya masabata kapena miyezi yapita

Ili ndiye vuto lalikulu mwa onse. Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

1. Kompyuta inali yozimitsa kapena inagona pa nthawi yoikika. Wina anaika backup pa 2 koloko usiku, pamene malaputopu ali m'zikwama. Pa Windows tsegulani Task Scheduler, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, muchonge "Run task as soon as possible after a scheduled start is missed", ndipo muone ngati "Start the task only if the computer is on AC power" sikukuiletsa pa batire. Pa Linux, cron, yomwe imagwira ntchito yomweyi, ikaphonya nthawi siibwerezanso; gwiritsani ntchito anacron kapena systemd timer yokhala ndi `Persistent=true`. Pa Mac gwiritsani ntchito launchd, yomwe imayendetsa ntchito yophonyedwa kompyuta ikadzuka ku tulo. Njira yosavuta kuposa zonse ndi kusamutsira backup masana.
2. Pasiwedi inasinthidwa. Ntchito ya mu Task Scheduler yoikidwa pa "Run whether user is logged on or not" imasunga pasiwedi ya mwini akaunti. Akaisintha, ntchito imaima. Lowetsaninso yatsopano. Chimodzimodzi ngati wogwira ntchito yemwe akaunti yake inkayendetsa backup anachoka ndipo akauntiyo inatsekedwa.
3. Chilembo cha disiki ya pa netiweki sichikuoneka. Inu mumaona `Z:`, koma ntchito yoyenda yokha kumbuyo nthawi zambiri siiona. Lembani njira yonse, monga `\\seva\mafayilo`.
4. Lamulo likuyenda mukalilemba pamanja, koma pa cron ayi. Cron ili ndi PATH (mndandanda wa mafoda omwe imafufuzamo mapulogalamu) yaifupi ndipo siiwerenga zomwe munaika pa shell yanu, pomwe mumalembera malamulo. Lembani njira yonse ya pulogalamu, monga `/usr/local/bin/restic`, ndipo pasiwedi ndi makiyi zikhale mu fayilo yomwe script, kafayilo ka malamulo koyendetsa backup, imawerenga yokha.
5. Loko yotsalira. Magetsi kapena intaneti zikaduka pakati, restic ndi Borg zikhoza kusiya chizindikiro choti ntchito ikadali mkati. Tsimikizani kaye kuti palibe kompyuta ina yomwe ikulembamo, kenako `restic unlock` kapena `borg break-lock`.
6. Khadi yolipirira inatha ntchito, ndipo makalata ochenjeza ankapita ku imelo yomwe palibe amaitsegula.

Mukakonza, musasiyire pamenepo. Chenjezo lomwe limabwera backup ikalephera si lokwanira, pakuti backup yomwe sinayambe n'komwe siitumiza kalikonse. Kampani ya GitLab inakumana nazo pa 31 Januwale 2017: database itafufutidwa mwangozi, anapeza kuti backup ya `pg_dump`, lamulo lokopera database, inali ikulephera kwa nthawi ndithu, ndipo maimelo ochenjeza sankafika. Anataya ntchito ya maola pafupifupi 6. Tembenuzani dongosolo: backup izitumiza uthenga ikatha bwino, ndipo inu muzichenjezedwa uthengawo ukapanda kufika. Tsamba la Healthchecks.io limagwira ntchito imeneyi, ndipo mzere umodzi wa `curl`, lamulo lotumizira uthengawo, kumapeto kwa script ndi wokwanira pa makompyuta a mitundu yonse itatu.

## Chizindikiro 2: Ikunena kuti yatha bwino, koma mafayilo ena mulibe

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe anthu osamala amapusitsika. Chizindikiro chobiriwira chilipo, tsiku ndi la dzulo, koma mkati muli mabowo.

Choyambitsa chofala kwambiri: mafayilo sali pa kompyutapo. OneDrive, iCloud Drive ndi Google Drive zimatha kusiya dzina la fayilo lokha pa disiki, fayilo yeniyeni ili pa intaneti. Maso amaona foda yodzaza, koma pulogalamu ya backup imapeza zigoba. Ina imazidumpha, ina imalephera, ina imayamba kukopera zonse mpaka disiki kudzaza. Yerekezani kukula kwa foda ndi malo omwe ikutenga pa disiki. Pa Windows ndi mizere ya "Size" ndi "Size on disk". Kukonza kwake: pa OneDrive sankhani "Always keep on this device", pa Mac zimitsani "Optimize Mac Storage", pa Google Drive sankhani mirror m'malo mwa stream. Disiki ikakhala yaing'ono, koperani molunjika kuchokera pa intaneti ndi pulogalamu ya rclone pa kompyuta imodzi yokhala ndi malo.

Chachiwiri: Mac ikukaniza. Kuyambira pa macOS Mojave ya 2018, pulogalamu siingawerenge malo ena monga Mail ndi Messages popanda chilolezo, ndipo Catalina inawonjezera Desktop, Documents ndi Downloads. Mu log, fayilo yomwe pulogalamu imalembamo zomwe yachita, mudzaona "Operation not permitted", ngakhale mutagwiritsa ntchito `sudo`, lamulo lopatsa mphamvu za administrator. Pitani ku System Settings, Privacy & Security, Full Disk Access, muonjezere pulogalamu ya backup. Samalani apa: chilolezo chomwe munapatsa Terminal sichifika ku ntchito yoyenda yokha usiku. Chilolezo chipite kwa pulogalamu yeniyeni yomwe ikuyendetsa ntchitoyo. Ndinapezapo ofesi ina komwe Mac ya wokonza zithunzi inkatumiza backup tsiku lililonse kwa miyezi ingapo, koma foda ya Desktop, momwe munali ntchito yake yonse, inali yopanda kanthu mu backup. Mayiyo analibe cholakwa chilichonse. Palibe anayesapo kubweza.

Chachitatu: mafayilo otsegula pa Windows. Fayilo ya PST ya Outlook, ya pulogalamu ya maakaunti, ngakhale Excel yosiyidwa yotsegula, Windows imaitseka kuti ena asaigwire. Mankhwala ake ndi VSS, njira ya Windows yojambula disiki momwe ilili pa kamphindi kamodzi. Pa restic onjezerani `--use-fs-snapshot`, ndipo ntchitoyo iyende ndi mphamvu za administrator. Duplicati nayo ili ndi posankha pa zomwezi.

Chachinayi: anthu akusunga pomwe backup siifika. Munasankha Documents, iwo akusunga pa Desktop, mu Downloads, kapena pa `D:`. Musawakalipire. Yendani pa tebulo lililonse, mufunse munthu akuonetseni mafayilo atatu omwe wagwirapo ntchito lero, muone komwe ali.

Chachisanu: disiki ya pa Linux sinalumikizidwe. Ngati `/mnt/mafayilo` inalephera kulumikizika kompyuta poyaka, foda imakhalapobe koma yopanda kanthu, ndipo backup imasunga foda yopanda kanthuyo n'kunena kuti zatheka. Ndi lamulo lokopera la `rsync --delete` zimaipiratu, chifukwa imafufutanso kope la kunja kuti lifanane. Script iyambe ndi `mountpoint -q /mnt/mafayilo`, ndipo iime yankho likakhala ayi.

Phunzirani kuwerenga nambala yomwe pulogalamu imasiya potuluka. Pa restic, 3 imatanthauza kuti backup yapangidwa koma mafayilo ena sanawerengeke. Pa rsync, 23 ndiye kuti zina sizinadutse. Pa robocopy, lamulo lokopera la Windows, 8 kapena kuposerapo ndi kulephera. Script yomwe siiyang'ana nambalazi imakunamizani.

## Chizindikiro 3: Fayilo ikukana kukoperedwa kapena kubwezedwa pa kompyuta ya mtundu wina

Ili ndi vuto la maina, ndipo limaonekera tsiku loipa: Mac yabedwa, mukufuna kubwezera mafayilo ake pa Windows.

1. Zilembo zoletsedwa. Windows siilola `< > : " / \ | ? *` m'dzina la fayilo, siilola dzina lothera pa kadontho kapena mpata, ndiponso maina ngati CON, PRN, AUX, NUL, COM1 ndi LPT1. Linux imalola pafupifupi zonsezi. Pa Mac munthu akhoza kulemba tsiku ngati 12/03 m'dzina, ndipo pansi pake kompyuta imalisunga ndi `:`, chomwe Windows imakana.
2. Njira yatalika. Mapulogalamu ambiri a Windows amalekera pa zilembo 260, kuwerengera mafoda onse. OneDrive ndi SharePoint zimalekera pa 400. Bwezerani mu foda ya dzina lalifupi ngati `C:\b`, osati mkati mwa mafoda asanu ena.
3. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Kwa Linux, `Lipoti.docx` ndi `lipoti.docx` ndi mafayilo awiri. Kwa Windows ndi Mac, momwe zimabwerera kuchokera ku fakitale, ndi fayilo imodzi. Pobweza, ina ikhoza kulembedwa pamwamba pa inzake popanda chenjezo. Ili ndi loopsa kuposa ena chifukwa silionetsa cholakwa.
4. Zilembo zokhala ndi zizindikiro pamwamba. Chilembo cha ŵ chikhoza kusungidwa m'njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachipewa kake payekha. Pa sikirini n'zofanana, kwa kompyuta n'zosiyana. Maina ochokera pa Mac kawirikawiri amabwera m'njira yachiwiri, pamene Windows ndi Linux zimalemba yoyamba. Zotsatira zake ndi mafayilo awiri ooneka a dzina limodzi, monga `Msonkhano wa maŵa.docx`, kapena fayilo yomwe imakoperedwanso tsiku lililonse. Pa Linux, `convmv` ndi `--nfc` imakonza. Imayamba yaonetsa zomwe isinthe isanasinthe.
5. Fayilo yoposa 4 GB pa disiki ya fomati ya FAT32. Siilowa, ngakhale malo atakhalapo ambiri.

Mapulogalamu ngati restic ndi Kopia amachepetsa vutoli posunga, chifukwa amadula mafayilo m'tizidutswa ndipo maina enieni amakhala mkati mwa nkhokwe yawo, malo omwe backup yonse imasungidwa. Koma pobweza pa Windows, malamulo a Windows amagwirabe ntchito. Zikavuta, bwezerani pa Linux kaye, konzani maina, kenako tumizani.

Timafayilo ta `.DS_Store`, toyamba ndi `._`, `Thumbs.db` ndi `desktop.ini` si kachilombo. Toyamba tiwirito ndi ta Mac, tinato ndi ta Windows.

## Chizindikiro 4: Ikuchedwa, siitha, kapena ikupha intaneti ya ofesi

Yambani ndi masamu, chifukwa nthawi zambiri palibe chowonongeka. Chofunika ndi liwiro lotumiza, osati lolandira lomwe limalembedwa pa zotsatsa. Pa 10 Mbps mumatumiza 1.25 MB pa sekondi, kapena 4.5 GB pa ola, kapena 108 GB pa tsiku lathunthu mzere ukakhala wanu nokha. Backup yoyamba ya 500 GB itenga masiku pafupifupi asanu osadukiza. Pa 2 Mbps ndi masabata oposa atatu. Werenganinso mobwerera: tsiku la ngozi, kukopera zonsezo kudzatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ofesi ingadikire? Ngati ayi, mufunika kope lapafupi pambali pa lakutali.

Ngati masamu akukwana koma ikuchedwabe:

- Backup yoyamba sinathe, ndipo imaduka tsiku lililonse laputopu ikatsekedwa. Isiyeni yoyaka pa waya mpaka ithe, kapena yambani ndi mafoda ofunika okha.
- Fayilo imodzi yaikulu imasintha tsiku ndi tsiku, monga PST, disiki ya virtual machine kapena ZIP. Pulogalamu yokopera fayilo yathunthu imatumizanso yonse. Gwiritsani ntchito yomwe imatumiza tizidutswa tosintha tokha, ndipo musapange ZIP musanatumize.
- Nthawi za mafayilo sizikugwirizana. FAT32 imasunga nthawi molumpha masekondi awiri, ndiye rsync imaganiza kuti zonse zasintha. Onjezerani `--modify-window=1`.
- Antivayirasi ikufufuza fayilo iliyonse yomwe backup yagwira.
- Wi-Fi yofooka. Seva ndi NAS zikhale pa waya.

Anzanu akamadandaula kuti misonkhano ya pa vidiyo ikudukaduka, chepetsani liwiro: `--limit-upload` pa restic, `--bwlimit` pa rclone ndi rsync.

## Chizindikiro 5: Disiki yosinthanitsa sikuoneka kapena ikukana kulembedwa

Sinthani chingwe ndi doko la USB musanaganize china. Ndi zomwe zimafa kawirikawiri. Kenako fomati. Mac imawerenga NTFS, fomati ya Windows, koma siilembamo popanda pulogalamu yowonjezera. Windows siiwerenga APFS ya Mac kapena ext4 ya Linux, ndipo ikaona disiki yotere imafunsa ngati mukufuna kuifomata. Yankho ndi ayi. Uzani aliyense mu ofesi, ndipo matani kapepala pa disikiyo.

exFAT imawerengeka ndi kulembeka pa makompyuta onse atatu, n'chifukwa chake anthu amaikonda. Komatu ilibe journal yoiteteza ikazulidwa mwadzidzidzi, ndipo siisunga zilolezo za mafayilo a Linux. Kwa ine njira yabwino ndi yoti makompyuta onse azitumiza ku makina amodzi, ndipo disiki yosinthanitsa izilumikizidwa pa makina amenewo okha, ndi fomati ya makinawo.

Linux ikalumikiza disiki ya NTFS mongowerenga, kawirikawiri ndiye kuti inazulidwa pa Windows isanatulutsidwe bwino. Ibwezeni pa Windows, yendetsani `chkdsk`, muitulutse moyenera. Chilembo chikamasinthasintha, lero `E:` mawa `F:`, chikhazikitseni mu Disk Management. Pa Linux gwiritsani ntchito UUID, nambala yozindikiritsa disiki yomwe siisinthasintha.

Disiki yotuluka mu ofesi ikhale yokhomedwa: BitLocker pa Windows, APFS yokhoma pa Mac, LUKS pa Linux, kapena VeraCrypt yomwe imatseguka ponseponse.

## Chizindikiro 6: Fayilo yafufutidwa pa ofesi, ndipo kunja kulibenso

Ndiye kuti muli ndi sync, osati backup. Dropbox, OneDrive ndi Google Drive zimafananitsa mbali ziwiri: mukafufuta kuno, ukonso zafufutika, kachilombo kakakhoma mafayilo kuno, okhomedwawo ndi omwe amapita uko. `rclone sync`, `rsync --delete` ndi `robocopy /MIR` zimachita chimodzimodzi. RAID, njira yolumikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi, nayonso siithandiza pa izi, imangoteteza disiki imodzi ikafa.

Thamangani ku bini ya pa intaneti lero lomwe. Google Drive imasunga zotayidwa masiku 30. OneDrive ya kuntchito imasunga masiku 93, ya munthu payekha 30. Woyang'anira akaunti ya kampani nthawi zina amatha kubweza patapita kanthawi kena, choncho mufunseni musanataye mtima.

Kukonza kokhalitsa ndi backup yosunga mibadwo ya mafayilo, mwachitsanzo masiku 7, masabata 4 ndi miyezi 12. Ndipo kiyi yemwe ali pa kompyuta ya ofesi asakhale ndi mphamvu yofufuta zakale. Object Lock pa S3, B2 kapena Wasabi imaletsa kufufuta mpaka masiku omwe mwasankha atakwana. Borg ndi rest-server ya restic zili ndi append-only, yolola kuwonjezera kokha osati kufufuta. Opanga ransomware, kachilombo kokhoma mafayilo n'kufuna dipo, kawirikawiri amasaka backup kaye asanakhome zina, ndiye ichi sichokongoletsa ayi. Musaiwalenso kuti maimelo a Microsoft 365 ndi Google Workspace salowa mu backup ya kompyuta pokhapokha mutawakonzera njira yawo.

## Chizindikiro 7: Malo adzaza kapena bilu yakwera

1. Zakale sizikuchotsedwa. Pa restic, `forget` imachotsa m'ndandanda chabe. Malo amabwerera mukayendetsa `prune`. Pa Borg ya masiku ano, `prune` imatsatiridwa ndi `compact`. Makompyuta angapo akamalemba mu nkhokwe imodzi, kuyeretsa kuchitike kuchokera pa imodzi yokha, pa nthawi yomwe ena sakulemba.
2. Malo osungirawo akusunga zomwe munafufuta. Bucket ya B2, malo anu osungira mafayilo kumeneko, imabwera itaikidwa kuti izisunga mitundu yonse ya fayilo, ndipo S3 imatero versioning ikayatsidwa. Ikani lamulo la lifecycle, lochotsa zakale lokha pakapita masiku omwe mwasankha.
3. Masiku ochepetsetsa olipira. Wasabi imalipiritsa masiku 90 ngakhale mutafufuta fayilo mawa lake. S3 Glacier Deep Archive ndi masiku 180, ndipo kubweza kumatenga maola 12 mpaka 48. Ndi yabwino pa zikalata zakale, si ya ntchito ya sabata ino.
4. Wina waika mavidiyo kapena mafayilo a ISO mu foda ya onse. WinDirStat pa Windows ndi `ncdu` pa Linux kapena Mac zimakuonetsani mu mphindi zochepa.

Musatsegule nkhokwe ya backup n'kuyamba kufufuta mafayilo pamanja kuti mupeze malo. Kachidutswa kamodzi kakhoza kukhala mbali ya mafayilo mazanamazana.

## Chizindikiro 8: "Access denied" kapena vuto la satifiketi pa kompyuta imodzi yokha

Yang'anani wotchi. S3 imakana pempho wotchi ya kompyuta ikasiyana ndi yake ndi mphindi zoposa 15, ndipo uthenga wake ndi RequestTimeTooSkewed. Kompyuta yakale yomwe imaiwala tsiku ikazimitsidwa ikufuna batire latsopano la CR2032. Yokhala ndi Windows ndi Linux pamodzi imasokoneza maola chifukwa Windows imasunga nthawi ya komweko pamene Linux imasunga UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi. Wotchi ikakhala bwino, onani ngati kiyi ali ndi chilolezo pa bucket imeneyo. NAS yakale ikamakanidwa ndi Windows, mwina ikulankhula SMB1, njira yakale yogawira mafayilo pa netiweki, yomwe kachilombo ka WannaCry kanadutsiramo mu 2017. Yatsani SMB2 kapena SMB3 pa NAS, musabwezeretse SMB1 pa Windows.

## Chizindikiro 9: Zabwezedwa, koma sizikutseguka

Database inakoperedwa ikuyenda. Kukopera mafayilo a MySQL, PostgreSQL kapena a pulogalamu ya maakaunti anthu akugwirabe ntchito kuli ngati kujambula buku wina akulitembenuza masamba. Yambani mwatulutsa kope loyera ndi `mysqldump`, `pg_dump`, kapena batani la backup la mu pulogalamu ya maakauntiyo, ndipo backup ya kunja itenge kope limenelo.

Zilolezo zasokonekera. Mafayilo obwezedwa pa Linux ina akhoza kukhala ndi mwini wolakwika chifukwa manambala a ogwiritsa ntchito sakufanana. Zilolezo za NTFS nazo sizisamukira ku Mac kapena Linux. Lembani papepala yemwe ayenera kuona foda iti, makamaka ya malipiro.

Nkhokwe yawonongeka pang'onopang'ono. Mwezi uliwonse yendetsani `restic check --read-data-subset=5%`, kapena `borg check`, kapena lamulo lofanana nalo pa pulogalamu yanu.

Pasiwedi ya nkhokwe palibe akuidziwa. Ndinene mosabisa: restic, Borg ndi Kopia zilibe khomo lakumbuyo, ndipo katswiri sangaithyole. Ndimamva chisoni kwambiri ndi vutoli chifukwa kulipewa n'kosavuta. Ngati pasiwedi ili pa kompyuta yomwe ikusungidwayo yokha, idzapsa nayo limodzi. Lero lomwe lembani papepala pasiwedi, makiyi a malo osungira, dzina la bucket, kiyi wobwezera wa BitLocker wa manambala 48, ndi wa FileVault yokhomera disiki ya Mac. Envelopu imodzi ikhale ndi mwini kampani, ina ndi munthu wachiwiri wodalirika, zonse kunja kwa ofesi. Ngati kompyuta yakale ikadayakabe, musaifufute: pasiwedi ikhoza kukhala mu script kapena m'makonzedwe a pulogalamu.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana katswiri

Pali nthawi yomwe kuyesa kulikonse kumachepetsa mwayi wopulumutsa mafayilo. Imani ngati:

- Disiki ikugogoda, ikulira kapena ikuzimazima. Izimitseni. Musayendetse `chkdsk` kapena `fsck`, musaitsegule, musaiike mu firiji. SMART, lipoti la thanzi la disiki, ikamaonetsa Reallocated Sectors kapena Current Pending Sectors zikukwera, koperani zofunika kwambiri kamodzi ngati ikuwerengekabe, n'kuisiya.
- Mafayilo asintha maina ndipo pali kalata yofuna dipo. Zulani waya wa netiweki, zimitsani Wi-Fi, imitsani backup ndi sync zonse kuti zowonongeka zisakankhe zabwino. Musalumikize disiki ya backup pa kompyuta iliyonse ya mu ofesimo. Sinthani makiyi a malo osungira kuchokera pa chipangizo china choyera. Sungani kalatayo, chifukwa tsamba la No More Ransom, lomwe bungwe la apolisi a ku Ulaya la Europol linathandiza kukhazikitsa mu 2016, lili ndi zida zotsegulira mitundu ina.
- `check` yanena kuti tizidutswa tasowa. Musayendetse `prune` kapena lamulo lokonza musanakopere nkhokwe yonse pena.
- NAS ikuti RAID yafooka ndipo backup ya kunja simunaiyese. Kumanganso RAID kumapanikiza madisiki otsala, ndipo yachiwiri ikhoza kufa pomwepo. Ndi madisiki awiri akufa pa RAID 5, musagwire kalikonse.
- Mwafomata disiki yolakwika kapena mwafufuta kope lokhalo. Lekani kulemba pa disikiyo, ngakhale kuikapo pulogalamu yobwezera. Ngati ndi SSD, izimitseni msanga, chifukwa TRIM imayeretsa malo ofufutidwa.
- Disiki yosakhoma yatayika, kapena mukukayikira kuti mlendo walowa, ndipo munali mbiri za makasitomala, odwala kapena malipiro. Mayiko ambiri ali ndi malamulo ofuna kuti munene msanga. Mu lamulo la GDPR la ku Ulaya ndi maola 72. Pamenepa mufunika ndi wodziwa malamulo yemwe.

Katswiri asanafike, konzani izi: log ya backup ya masiku angapo apitawo, uthenga wa cholakwa monga momwe walembedwera kapena chithunzi chake, tsiku lomaliza lomwe zonse zinali bwino, mndandanda wa makompyuta ndi mtundu wa Windows, macOS kapena Linux pa iliyonse, zonse zomwe mwayesa kale motsatana, ndi mafoda atatu omwe ofesi ikufuna poyamba kuti ntchito iyambenso. Envelopu ya makiyi ija mubwere nayo, koma pasiwedi muzilowetsa nokha.